Kutapa mfundo pa intaneti: ndi liti pamene gwero liyenera kutchulidwa, ndipo litchulidwe motani?

Pa 1 Malichi 2011, nduna ya zachitetezo ya dziko la Germany, a Karl-Theodor zu Guttenberg, anatula pansi udindo wawo. Anali ndi zaka 39 zokha, ndipo anali mmodzi mwa andale okondedwa kwambiri m'dzikolo. Gwero la mavuto awo linali pepala la kafukufuku lomwe anatengera digiri ya PhD ku yunivesite ya Bayreuth. Mphunzitsi wina wa zamalamulo wa mumzinda wa Bremen, powerenga pepalalo, anakayikira ziganizo zina ndipo anazifufuza pa Google. Zinapezeka kuti zinali za anthu ena. M'masiku ochepa, anthu ongodzipereka pa intaneti anafukula ndime zambirimbiri zomwe zinakopedwa m'manyuzipepala ndi m'zolemba za akatswiri popanda kutchula eni ake. Yunivesite inalanda digiriyo, ndipo sabata isanathe ndunayo inasiya ntchito.

Ikakhala ya nduna, nkhani yotere imamveka dziko lonse. Ikakhala ya wophunzira wamba imathera m'kachipinda ka komiti yosungitsa mwambo, koma ululu wake suchepa. Kwa Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Mozambique omwe akuphunzira ku Britain, South Africa kapena America, ndime imodzi yokopera ikhoza kuwononga fizi yomwe abale anasonkherana, thandizo la maphunziro lomwe linavuta kupeza, ngakhalenso chilolezo chokhalira m'dzikomo.

Kodi mlanduwu ndi wotani?

Pa Chingerezi mchitidwewu amautcha plagiarism. Mawuwa anachokera ku Chilatini, plagiarius, kutanthauza munthu wakuba anthu anzake. Mlakatuli wachiroma Martial, yemwe anakhalako zaka zoposa 1,900 zapitazo, anawagwiritsa ntchito podandaula za munthu amene ankalakatula ndakatulo zake ngati kuti anapeka ndi iyeyo. Tanthauzo lake silinasinthe kwenikweni: kupereka mawu, maganizo kapena ntchito ya munthu wina m'njira yoti wowerenga akhulupirire kuti ndi zako.

Kukopera ndime yonse monga ilili ndi mtundu umodzi chabe. Wina amatenga ndime n'kusintha mawu awiri atatu, mafupa a ziganizo n'kukhala omwewo. Wina amalemba m'mawu akeake koma ganizo lenilenilo ndi la katswiri yemwe sanamutchule. Wina amaperekanso ntchito yomwe anapatsidwa kale malikisi m'phunziro lina, ndipo ngakhale ntchitoyo ndi yake, mayunivesite ambiri amauwerengera ngati mlandu. Ambiri mwa mayunivesitewa salabadiranso ngati munthu anachita dala kapena ayi pogamula kuti kukopera kwachitika. Cholinga cha munthu amachiganizira pofika pa kukula kwa chilango.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri obwera kumene amapunthwa. Yemwe anakulira m'kalasi momwe ana angapo ankagawana buku limodzi, mphunzitsi n'kumalemba manotsi pabolodi, anazolowera kuti wanzeru ndi woloweza. Kubweza mawu a mphunzitsi pa mayeso popanda kuphonya ndiko kunkabweretsa malikisi. Ku yunivesite muyeso umatembenuka. Woyesa amafuna kuona malire pakati pa zomwe wophunzira wawerenga ndi zomwe waganiza yekha, ndipo kutchula gwero ndi njira yojambulira malirewo.

Ndi liti pamene gwero liyenera kutchulidwa?

Lamulo ndi limodzi, kaya mfundo yachokera m'buku la mulaibulale kapena pa foni. Zinthu za pa intaneti zimapezeka mwaulere, koma ulerewo suchotsa umwini. Tsamba lililonse lili ndi munthu kapena bungwe lomwe linalilemba.

Gwero liyenera kutchulidwa pamene mlembi watenga mawu enieni a munthu wina, ndipo mawuwo ayenera kutsekeredwa m'zizindikiro zomwe aphunzitsi a Chichewa amazitcha mitengero. Kutchula dzina la mwini popanda mitengero sikukwanira, chifukwa wowerenga amaganiza kuti ganizo ndi lobwereka koma mawu ndi a mlembi. Liyeneranso kutchulidwa pamene ganizo la wina lafotokozedwa m'mawu ena kapena mwachidule, pamene pagwiritsidwa ntchito ziwerengero ndi zotsatira za kafukufuku, komanso pamene patengedwa chithunzi, mapu, tebulo, kanema kapena mawu a m'pologalamu ya pa wailesi.

Zomwe sizifuna gwero ndi zija zodziwika kwa aliyense ndipo palibe wozitsutsa. Kuti dziko la Malawi linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, kapena kuti likulu la Zambia ndi Lusaka, mlembi akhoza kungolemba. Koma akanena kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, ayenera kutchula ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, chifukwa chiwerengerocho chinatuluka m'ntchito yomwe anthu ena anagwira, ndipo wowerenga ali ndi ufulu wokachiona yekha.

Nkhani za chikhalidwe zimafuna kusamala kwapadera, poti zambiri zilibe mwini mmodzi. Mwambi ndi wa fuko lonse. Kunena kuti Gule Wamkulu amavinidwa ndi Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique sikufuna umboni. Kunena kuti bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti guleyu ndi chuma chapadera cha anthu a dziko lonse kumafuna kuloza tsamba la bungwelo. Ndipo tanthauzo la chigoba chakutichakuti, ngati mlembi analiwerenga m'zolemba za bambo Claude Boucher a ku Mua, ndi chipatso cha zaka zambiri za kafukufuku wawo, choncho dzina lawo liyenera kuoneka. Chimodzimodzi agogo a ku Dedza kapena ku Katete amene afotokozera mdzukulu wawo mwambo wina pa foni: nawonso ndi gwero, ndipo ngati avomera, dzina lawo, dera lawo ndi tsiku la kuchezako zimalembedwa. Pamene mlembi akukayika ngati mfundo ndi yodziwika kwa onse, njira yotetezeka ndi kutchula.

Nanga kumasulira?

Anthu olankhula zinenero zingapo ali ndi msampha wawo. N'kosavuta kutenga nkhani ya Chingerezi kapena Chipwitikizi, kuitembenuzira m'Chichewa, n'kuiona ngati yatsopano poti palibe liwu limodzi lofanana ndi loyambalo. Koma kusintha chinenero sikusintha mwini wa ganizo.

Mu Epulo 2012, mtsogoleri wa dziko la Hungary, a Pál Schmitt, anatula pansi udindo yunivesite ya Semmelweis itawalanda digiri yawo. Gawo lalikulu la pepala lawo la 1992, lokhudza masewero a Olympic, linapezeka kuti linali lomasuliridwa kuchokera ku ntchito yomwe katswiri wa ku Bulgaria, Nikolay Georgiev, analemba m'Chifalansa. Kwa zaka pafupifupi 20 chinenero chinabisa nkhaniyi. Lero, pomwe makina omasulira ali pa foni iliyonse, kubisala kotere sikukhalitsa. Womasulira woona mtima amatchula mlembi woyamba ndi kuonjezera kuti mawuwo wamasulira yekha.

Katchulidwe kake

Kutchula gwero kuli ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kachizindikiro kakafupi m'kati mwa nkhani, pamalo enieni pomwe mfundo yobwereka yagwiritsidwa ntchito. Yachiwiri ndi mndandanda wa kumapeto, momwe gwero lililonse limafotokozedwa mokwanira. Zonse ziwiri ziyenera kugwirizana: chomwe chatchulidwa m'kati chipezeke kumapeto, ndipo chomwe chili kumapeto chikhale choti chinagwiritsidwadi ntchito.

Pa tsamba la pa intaneti, mlembi amayankha mafunso anayi. Analemba ndani? Analemba liti? Mutu wake ndi wotani? Zikupezeka pati? Ngati palibe dzina la munthu, bungwe lomwe ndi mwini tsambalo limatenga malo a mlembi, monga World Health Organization kapena Reserve Bank of Malawi. Ngati palibe tsiku, mlembi amasonyeza kuti chaka sichinalembedwe, osati kungopeka. Adiresi yoperekedwa iyenera kukhala ya tsamba lenileni lomwe pali mfundoyo. Kulemba kuti "Google" kapena "intaneti" kuli ngati kuuza mlendo wofuna nyumba ya ku Ndirande kuti apite ku Blantyre.

Kasanjidwe ka zinthuzi kamasiyana malinga ndi phunziro. Njira ya Harvard, yofala ku Britain ndi ku South Africa, imaika dzina la mlembi ndi chaka m'kati mwa nkhani, ndipo kawirikawiri imafunanso tsiku lomwe tsambalo linawerengedwa. Njira ya APA, yomwe buku lake lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019, imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa maphunziro a zauphunzitsi ndi zamaganizo a anthu, ndipo imalamula kuti mawu obwereka akafika 40 aziikidwa m'ndime yawoyawo yolowa m'kati. Ophunzira zamalamulo ku Britain amatsata OSCOLA, yomwe imaika magwero m'munsi mwa tsamba, pomwe azachipatala amakonda Vancouver, yogwiritsa ntchito manambala. Woweruza womaliza ndi kabuku ka malangizo ka dipatimenti, chifukwa ngakhale njira ya Harvard imalembedwa mosiyana pang'ono m'mayunivesite osiyana. Mapologalamu monga Zotero, yomwe ndi yaulere, amathandiza kusunga ndi kusanja magwero, komabe amalakwitsa, ndipo cholakwacho chimagwera mwini pepala.

Kufotokoza ganizo la wina m'mawu akoako ndi luso lomwe limavuta ambiri. Njira yomwe aphunzitsi a kalembedwe amalangiza ndi yoti munthu awerenge ndimeyo mpaka ayimvetse, atseke tsambalo, alembe zomwe wamva ngati akufotokozera mnzake, kenaka atsegulenso n'kufananiza. Ngati ziganizo zikuyendabe m'mapazi a mwini wake, ntchito sinathe. Ndipo ngakhale itatha bwino, dzina la mwini ganizo limatchulidwabe.

Masamba amene amasowa

Buku la mulaibulale limadikira pa shelefu zaka makumi. Tsamba la pa intaneti likhoza kusinthidwa usiku umodzi kapena kuchotsedwa. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa mu 2024 anapeza kuti masamba 38 mwa 100 aliwonse omwe analipo mu 2013 sankapezekanso patatha zaka khumi. N'chifukwa chake tsiku lowerengera tsamba lili lofunika: limauza wowerenga kuti mfundoyo inali choncho pa tsiku limenelo.

Pali njira zodzitetezera. Nkhani zambiri za m'magazini a akatswiri zili ndi nambala yokhazikika yotchedwa DOI, yomwe imalozabe ku nkhaniyo ngakhale adiresi ya tsamba itasintha, ndipo ngati ilipo ndi yomwe iyenera kulembedwa. Pa masamba ena, Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive imalola aliyense kusunga chithunzithunzi cha tsamba monga likuonekera tsiku limenelo. Kusunganso tsambalo ngati PDF pa kompyuta kumapatsa wophunzira umboni ngati woyesa atafunsa.

Kutsata mfundo mpaka kuchitsime

Vuto lina la pa intaneti ndi loti nkhani imodzi imayenda m'manja ambiri. Lipoti la unduna limalembedwa m'nyuzipepala, tsamba la pa Facebook limakopera nyuzipepalayo, kenaka wina amatumiza chithunzi chake m'gulu la WhatsApp la anthu a kumudzi kwawo okhala ku Johannesburg. Pofika kumeneko dzina la mtolankhani lasowa, ndipo nthawi zina chiwerengero chasintha. Uthenga wotumizidwatumizidwa si gwero. Ndi chizindikiro chabe choti kwinakwake kuli gwero loyenera kulifufuza.

Wikipedia nayo ndi malo abwino oyambira koma oipa kutherapo, poti aliyense akhoza kusintha zolembedwamo. Phindu lake lalikulu kwa wofufuza lili m'munsi mwa tsamba, momwe muli magwero omwe akhoza kutsegulidwa ndi kuwerengedwa. Ndipo ngati mlembi sanathe kupeza ntchito yoyambirira, n'kungowerenga zomwe wina wanena za iyo, ayenera kunena zoona kuti mfundoyo waipeza kudzera mwa wachiwiriyo. Kuika pa mndandanda buku lomwe sunalitsegule ndi bodza lomwe limaululika ndi funso limodzi la woyesa.

Makina a AI

Chiyambire Novembala 2022, pomwe ChatGPT inatulutsidwa, funso latsopano labuka. Mayunivesite sanagwirizane pa yankho limodzi. Ena amaletseratu, ena amalola makinawa pokonza galamala kapena posanja maganizo bola wophunzira aulule mmene wawagwiritsira ntchito, ndipo malamulo akhoza kusiyana ngakhale pakati pa maphunziro awiri a pa sukulu imodzi. Chomwe onse amakana ndi kupereka zolemba za makina ngati zotuluka m'mutu mwa wophunzira.

Choopsa china ndi choti makinawa amatha kupeka magwero: dzina la mlembi lomveka bwino, mutu wokhulupirika, chaka ndi tsamba, koma nkhaniyo kulibe. Mu Juni 2023, woweruza wina ku New York analipiritsa maloya awiri ndi kampani yawo ndalama zokwana madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yakale yomwe ChatGPT inangopeka, pa mlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca. Gwero lililonse lomwe makina apereka liyenera kufufuzidwa, kutsegulidwa ndi kuwerengedwa ndi munthu lisanalowe m'pepala.

Kugwidwa ndi zotsatira zake

Mayunivesite ambiri amadutsitsa ntchito za ophunzira mu Turnitin, pologalamu yomwe imafananiza pepala ndi masamba a pa intaneti, zolemba za akatswiri komanso ntchito zomwe ophunzira ena anapereka kale. Imatulutsa peresenti yosonyeza kufanana, ndipo peresentiyi yabala nthano zambiri pakati pa ophunzira. Palibe nambala imodzi yomwe ili yotetezeka paliponse. Pepala likhoza kufanana kwambiri ndi zolemba zina chifukwa cha mawu obwereka omwe atchulidwa bwino, osakhala ndi mlandu. Lina likhoza kuonetsa peresenti yochepa koma muli ndime imodzi yobedwa. Amene amagamula ndi munthu wowerenga lipotilo.

Zilango zimayambira pa chenjezo ndi kulembanso ntchito, kufika pa ziro, kulephera phunziro lonse, kapena kuchotsedwa sukulu. Kwa wophunzira wochokera kunja chilango chomalizachi chimakoka china. Ku Britain, yunivesite ikachotsa wophunzira imayenera kudziwitsa Home Office, yomwe kawirikawiri imadula viza yake n'kumusiyira masiku 60 oti apeze njira ina yovomerezeka kapena atuluke m'dzikomo. Woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woona umboni, kudziteteza ndi kuchita apilo, ndipo bungwe la ophunzira pa sukulu zambiri limapereka uphungu waulere. Ku England ndi Wales, wosakhutira ndi chigamulo akhoza kukadandaula ku Office of the Independent Adjudicator. Pa nthawi yotere manotsi akale ndi zolemba zoyambirira za pepalalo zimakhala mboni yamphamvu.

Kugula pepala kwa anthu olembera anzawo ndi mlandu waukulu kuposa yonse. Kuyambira 2022 lamulo la ku England limaletsa malondawa ndi kuwatsatsa komwe, ndipo mabungwe oyang'anira maphunziro akhala akuchenjeza kuti ena mwa ogulitsawa amadzatembenukira kasitomala, kumuopseza kuti akamuneneza ku sukulu akapanda kuonjezera ndalama.

Nthawinso sifafaniza mlanduwu. Mu Febuluwale 2013, nduna ya zamaphunziro ya ku Germany, mayi Annette Schavan, anatula pansi udindo yunivesite ya Düsseldorf itawalanda digiri chifukwa cha pepala lomwe analemba mu 1980. Iwo anakana mlanduwo ndipo anapita kukhoti, koma sanapambane.

Kunja kwa kalasi

Nkhaniyi siikhudza ophunzira okha. Mu Sepitembala 2016 ofesi ya mtsogoleri wa Nigeria, a Muhammadu Buhari, inavomereza kuti ndime ina ya zomwe analankhula inatengedwa m'mawu a Barack Obama a mu 2008. Mu Januwale 2017 mkulu wofalitsa nkhani wa mtsogoleri wa Ghana, a Nana Akufo-Addo, anapepesa zitadziwika kuti mawu ena olankhulidwa pa mwambo wolumbiritsa anali a Bill Clinton ndi George W. Bush. M'nkhani zonse ziwiri, kungonena kuti mawuwa anayamba kuwalankhula ndi uje kukanapewetsa manyazi.

Mlaliki wotapa ulaliki pa YouTube, mwini tsamba la nkhani za kumudzi pa Facebook, kapena wolemba pempho la thandizo la bungwe, onse akhoza kuchita chimodzimodzi ndi chiganizo chimodzi: "malinga ndi lipoti la bungwe lakuti", kapena "monga inalembera nyuzipepala yakuti pa tsiku lakuti", n'kuikapo linki. Ayeneranso kudziwa kuti kutchula mwini ndi kupempha chilolezo ndi zinthu ziwiri. Kukopera ndi nkhani ya chilungamo pa zolemba, pomwe umwini wa zopekapeka ndi nkhani ya malamulo a dziko. Munthu akhoza kutchula dzina la wojambula bwinobwino n'kukhalabe wolakwira lamulo ngati wasindikiza chithunzicho popanda chilolezo. Zithunzi zokhala ndi chilolezo cha Creative Commons zimalola kugwiritsidwa ntchito, koma zambiri zimafunabe kuti dzina la mwini lioneke.

Kukopera kwambiri kumabadwa pa zinthu ziwiri, changu ndi manotsi osokonekera. Wophunzira amene amagwira ntchito usiku kumalo osamalirako okalamba, m'mawa n'kulowa m'kalasi, amatapa ndime n'kuziponya m'fayilo imodzi ndi maganizo ake, akudziuza kuti adzakonza pambuyo pake. Pakatha masabata atatu sakumbukiranso kuti chiganizo chake ndi chiti. Mankhwala ake ndi kulemba gwero nthawi yomweyo pamene mfundo yatengedwa, kuika mitengero ngakhale m'manotsi, ndi kupempha nthawi yoonjezera kwa mphunzitsi zinthu zikathina. Kuchedwa kupereka ntchito kumadula malikisi ochepa, pomwe madzi akatayika saoleka.

Palinso phindu lomwe limabwerera kumudzi. M'dziko la maphunziro, ntchito ya katswiri imayezedwa ndi kuchuluka kwa anthu oitchula, ndipo muyesowu umakhudza kukwezedwa pa ntchito ndi kupeza ndalama za kafukufuku. Wophunzira wa ku Leeds kapena Cape Town akatchula molondola nkhani ya mphunzitsi wa ku Zomba, Bunda kapena Lusaka, amatsegulira owerenga ena njira yofikira ku ntchitoyo, ndipo dzina la mwini wake limawerengedwa komwe liyenera kuwerengedwa.